Mwana wa achimwene anga wasanduka mfana chiyambireni ntchito ku garaja, ndithandizeni maganizo

Azakhali_Bangula:

Abale ndabwera ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo, chonde osanditukwana mungondithandiza maganizo basi. Ndikulera mwana wa malemu achimwene anga, mtsikana wa zaka 20. Fomu 4 analemba koma sizinayende bwino, nde namondwe wa Freddy atatikokolera munda ndi mbuzi zomwe mu 2023 ndalama yoti akabwereze panalibe. Iyeyu kuyambira ali mwana ndi wokonda kugwiragwira zitsulo, njinga yakapalasa ya bambo ake ankaimasula yekha nkuibwezeretsa, nde bambo ena a kutchalitchi anamupezera malo pa garaja ina ya njinga zamoto pa Nchalo kuti aziphunzira umakaniko. Pamalopo ndi amuna okhaokha, mwini wake, anyamata ake, ndi akabaza amene amaswera pomwepo.

Popita anapita ali mtsikana ngati atsikana ena onse, tsitsi lomanga, siketi, chitenje chake m'chikwama. Mwezi wathawu wabwera kudzationa, ine kumuona akutsika minibasi sindinamuzindikire. Wameta ku babashopu ngati mnyamata, ndolo anavula, tisheti yaikulu yoti mungalowemo awiri, jinzi yokhwepa, kepu, jombo. Mkati akuvala kathaiti kofinya pachifuwa kuti mabere asamaoneke, ndi kutentha kwa kunoku abale. Mayendedwe asintha, mawu akuchita kuwakulitsa dala, poyankha foni ndikungomva "bho man, ndikupezani mawa". Anzakewo anamupatsa dzina lachimuna iye nkumavomera osadandaula.

Agogo ake akuti mwanayu amuchita chipongwe anthu, tipite naye kwa aneneri. Abambo ake aang'ono akuti ndani angabwere kudzalowola munthu wooneka chonchi. Oyandikana nawo nyumba akunong'ona zina zoti sindingalembe pano. Ine nditamufunsa anangoti "anti musadandaule, ndi za kuntchito izi simungamvetse". Nde ndikufunsa inuyo, makamaka amayi amene mumagwira ntchito pakati pa amuna, chimamupangitsa mtsikana kudzisandutsa chonchi ndi chani? Ndimuletse ntchitoyo kapena?

Mayi_wa_Mbuzi_Ngabu:

Azakhali khalani pansi kaye mumwe madzi kkkk. Ine ndi mayi wa ana, ndili pa banja ndithu, koma mutandipeza pa msika wa ziweto pa Ngabu mukhoza kundipatsa moni woti "achimwene". Geni yanga ndi yogula mbuzi kuno nkukagulitsa kwa amabutchala ku Blantyre, nde zomwe akunena mwanayo zoti simungamvetse ine ndazimva bwinobwino.

Poyamba ndinkapita nditavala ngati ndikupita ku chigayo, bulauzi ndi chitenje. Chinthu choyamba, kukwera lole. Mwendo uli m'mwamba pa tayala, dzanja lina wagwira chitsulo lina ukugwira chitenje kuti chisamasuke, pansipo anyamata aima akuyang'ana m'mwamba nkumaseka. Chachiwiri ndalama. Aliyense amadziwa pomwe mzimayi amamanga ndalama, pa mfundo ya chitenje kapena mu bra, nde pamsika pakakhala chipwirikiti manja amabwera pomwepo, wina akufuna ndalamayo wina akungofuna kukugwira basi, ukakuwa akuti pepani mayi ndimagwira chingwe cha mbuzi. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri ndi madobadoba. Ukafunsa mtengo wa tonde akuyankha kuti "mwabwera ndi ndani mayi, aitaneni abambowo tikambirane", ena akukuwonjezera mtengo dala poti akuti mzimayi sadziwa kuyeza mbuzi ndi maso. Wina nkumati ndikuchotserani mtengo bola mundipatse nambala. Ine ndabwerera mbuzi, iye akufuna tikambe za thupi langa.

Nde pali za usiku. Lole ikafa pa mapiri aja mukangodutsa pa Thabwa, mumagona pomwepo kudikira makaniko achoke ku tauni, iwe mkazi wekha pakati pa amuna ndi mbuzi. Usiku umenewo sufuna kuti munthu akumbukire kuti pali mkazi pano. Umafuna ukhale chithunzithunzi chovala jekete pakona basi.

Nditayamba kuvala thalauza ya matumba amkati, jekete yaikulu ndi chipewa, zinthu zinasintha ndithu. Sikuti anasiyiratu ayi, koma mwa anthu khumi amene ankandivuta mwina atsala awiri. Mawu nawonso ndinaphunzira kuwaponya mwamphamvu, pamsika wa ziweto ukayankhula mwaulemu ngati uli pamaso pa apongozi palibe akumve. Ndi chimodzimodzi mlimi wa thonje akamapopera mankhwala, amadziphimba thupi lonse sikuti akunyada kapena wapenga, akudziwa chomwe chili mu mpweyamo.

Tsono ganizirani mwana wanuyo. Pa garaja ya njinga munthu amagwira ntchito atanjuta kapena atawerama tsiku lonse, pena kugona chagada pansi pa njinga, akabaza atakhala pa benchi kumbuyo kwake alibe chochita koma kuyang'ana. Avale siketi pamenepo? Chitenje ndi tcheni cha njinga sizigwirizana, chikakodwa injini ikulira mwendo upita nawo. Meshi kapena wigi pafupi ndi petulo ndi moto wa girayinda ndiye musanene, komanso mu Okutobala muno kutentha kumafika madigiri 40, giriisi ndi thukuta mu meshi mutu umanunkha pa masiku ochepa. Zimenezo nzapoyera. Koma zofinya pachifuwa ndi kukulitsa mawuzo, mmmh, pamenepo ine ndikuona kuti pali chinamuchitikira. Musamufunse kuti bwanji ukuvala chonchi, ayankha zomwe anakuyankhanizo. Mufunseni kuti masabata oyamba aja anyamatawo ankamutani. Ndipo mufunse muli awiri, agogo ake kulibe.

Ntchito musamuletse. Akabwerera ku Bangula azikatani, kudikira wolowola?

Wakabaza_Dyeratu:

Amayi a mbuzi anena zoona, ine ndinene ngati mwamuna amene amaswera pa siteji. Mtsikana watsopano akafika pamalo pomwe pali amuna okhaokha, kaya ndi wogulitsa mandasi kaya wa Airtel Money kaya wophunzira ntchito, tsiku lomwelo pamayamba mpikisano woti ayambe ndani kumugwetsa. Pena mpaka kubetcherana ndalama. Akakana onse amati ndi wonyada, akavomera mmodzi amati ndi hule, akamaseka ndi aliyense ndiye aliyense amati akundifuna. Palibe njira yabwino pamenepo. Nde amene wameta nkumayankhula ngati ife, anyamata amasokonezeka mutu, sadziwa pomuyambira, mapeto ake amangomuika mgulu la mafana basi nkumamutuma sipanala.

China chomwe simunatchule ndi akazi athu kkkk. Makaniko wamkazi wooneka bwino, madamu akamva kuti njinga ukukakonzetsa kwa iyeyo kunyumba kulibe mtendere. Mkazi wa mwini garaja ndiye woyamba kumuchotsetsa ntchito. Akamaoneka ngati mfana azimayi amamusiya.

Komanso tinene chilungamo, njinga ndi ofesi yanga, ambirife ndi ya bwana kapena ya ngongole. Munthu wa zikhadabo zopenta akandiuza kuti vuto ndi kabuleta mtima sukhazikika, olo akhale akunena zoona. Sindikuti ndi bwino koma ndi mmene mitu yathu ilili.

Mkulu_wa_Mpingo_Chiromo:

Mayi, pepani ndi nkhawa imene muli nayo, ndipo Mulungu akudalitseni polera mwana wamasiye. Ine ndisiyana pang'ono ndi anzangawa. Za ovolosi ndi jombo pa ntchito ndilibe nazo mawu, apolisi aakazi amavala mathalauza, asilikali aakazi chimodzimodzi, ngakhale atsikana amene tawaona akugwira ntchito pa ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira ija amavala zipewa zolimba ndi maovolosi, palibe amene akuwanena. Ntchito ili ndi zovala zake.

Koma mwanayu sanali pa ntchito pamene amatsika minibasi pa Bangula. Anabwera kwa azakhali ake, kwa agogo ake. Akabaza a pa Nchalo anawasiya komweko, nanga kepu ndi mawu aakuluwo amaopa ndani pakhomo? Apa ndi pamene ine ndikuona kuti chinthu chimene chinayamba ngati chodzitetezera chayamba kulowerera. Deuteronomo 22:5 amanena zoti mkazi asavale chovala cha mwamuna, ndipo ife tinaleredwa momwemo. Dzina limene anamupatsa malemu bambo ake alisiye chifukwa cha anyamata a pa garaja? Zimenezo zikundiwawa ine.

Kwa aneneri musapite naye, mwanayu sanalodzedwe ndipo mukangomuchititsa manyazi pagulu. Koma mumuuze mwachikondi kuti pamaliro, kutchalitchi ndi pamaso pa akuluakulu chitenje chizikhala m'chiuno. Chitenje sichilemera, chimakwana m'chikwama momwe muli masipanalamo.

Madamu_a_Fomu_3:

Abambo a ku Chiromo ndakumvani ndipo za chitenje pamaliro sindikutsutsani, tonse timatero. Koma pa vesiyo tisathamange. Nthawi ya Mose thalauza kunalibe, amuna ankavala mikanjo. Agogo athu aamuna kuno ku chigwa ankamanga nsalu m'chiuno, thalauza inabwera ndi azungu. Nde chovala cha mwamuna ndi chiti kwenikweni?

Zoti thalauza pa mkazi ndi chinthu choopsa ife Amalawi tinazilowetsedwa ndi lamulo. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulolo linatha ndi kubwera kwa matipate koma m'mitu ya anthu linatsalamo. Mukukumbuka Januwale 2012 mavenda akuvula azimayi ovala mathalauza mu Lilongwe, nkufalikira ku Mzuzu ndi ku Blantyre? Mpaka azimayi anachita msonkhano waukulu ku Blantyre, mayi Joyce Banda ali wachiwiri kwa pulezidenti anali pomwepo, ndipo Bingu anachita kunena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Agogo akewo anakula nthawi ya lamulo lija, musawadabwe.

Tsono azakhali, chomwe ndikufuna muchidziwe ndi choti njira yomwe wasankha mwanayu ili ndi minga yakenso. Onani Tabitha Chawinga. Anakulira ku Rumphi akusewera mpira ndi anyamata, ndipo iye mwini anafotokoza mu 2021 kuti ali wamng'ono anamuvulapo pa bwalo la mpira anthu ofuna kutsimikiza ngati ndi mtsikanadi, chifukwa cha maonekedwe ndi mphamvu zake. Lero wasewera ku Sweden, ku China, ku Italy, ku France, mng'ono wake Temwa mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America, tonse tikuwaombera m'manja. Koma taganizani mwana wa zaka zimenezo kuvulidwa pagulu. Ukaoneka wachikazi akugwira, ukaoneka wachimuna akufuna aone umboni. Nde manong'onong'o a oyandikana nawo nyumbawo musawathirire ndemanga, mawu otero akafika kwa anyamata olakwika amasanduka chifukwa chomuchitira mwana chipongwe. Kumeta ndi kuvala jinzi sikunena chilichonse za amene munthu amamukonda.

Ine kusukulu ndimaziona. Mtsikana amene amakhoza masamu ndi fizikisi nkukhala mgulu la anyamata, pakapita nthawi amayamba kuyenda ngati iwo, kuyankhula ngati iwo, sikuti wina wamuuza, akungofuna asamaoneke mlendo pagulupo. Munthu ukakhala wekha wosiyana ndi onse cholakwa chako chimaoneka kawiri. Mnyamata akamanga nati molakwika amati walakwitsa, mtsikana akatero amati tinanena kuti akazi sangathe. Nde amayesetsa kuti aiwalike kuti ndi mkazi kuti akalakwitsa alakwitse ngati munthu.

Ziwiri zoti muchite. Kathaiti kofinyako kakundidetsa nkhawa, ndi kutentha kuno kamabweretsa zidzolo ndi zilonda pansi pa mabere, ndipo kakathina kwambiri munthu amabanika. Mugulireni masipotsi bra a saizi yake pa kaunjika, amagwira bwino osafinya, ndipo usiku azivula. China, adziwe kuti kugwiridwagwiridwa pa ntchito ndi mlandu. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa zimenezi ndipo wochita zimenezi akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 5. Kupolisi kuli Victim Support Unit. Ndikudziwa kuti wophunzira ntchito kukasuma ndi kovuta poti mawa lake malo amuthera, koma bola adziwe kuti wolakwa si iyeyo.

Sisi_Weldingi:

Mwayankhula bwino nonse koma mukuchita ngati mtsikana aliyense wometa akuthawa chinachake. Ine ndimawotcherera zitsulo, mafelemu a mawindo ndi zitseko, ndipo palibe anandigwirapo kuti ndiyambe kuvala chonchi. Kwathu ndinabadwa mkazi ndekha pakati pa amuna, ng'ombe ndaweta nawo kudambo, kabudula wa achimwene ndi amene ndinkavala, diresi ndinkaimva ngati chilango cha Lamulungu. Nditayamba ntchitoyi ndinangopeza malo pomwe palibe wondifunsa. Mwina mwana wanuyo naye anali choncho kalekale, mwanena nokha kuti ankamasula njinga ali mwana, kungoti pakhomo ankakuopani.

Koma asaganize kuti akakhala mfana ndiye wafanana nawo. Akakuzolowera amayamba kukamba zonyansa za atsikana ena iwe uli pomwepo, ukapanda kuseka akuti wayamba zachikazi. Amafuna uzimwa nawo. Ikafika nthawi yogawana ndalama ya ntchito mpamene amakumbukira kuti ndiwe mkazi ulibe banja lodyetsa, ikafika nthawi yophika nsima ya masana amakumbukiranso. Mxiii. Ndipo ku bafa ya azimayi pa depoti ndabwezedwapo ndithu, mayi wina kukuwa kuti kwalowa mwamuna.

Za kulowola abambo aang'onowo asade nkhawa, ine chibwenzi ndili nacho ndipo anandipeza nditavala magalasi a weldingi.

Azakhali_Bangula:

Takhuta nonse, ndawerenga zonse mpaka ndinawawerengerako amuna anga. Loweruka ndinapita ndekha pa Nchalo ngati ndikukagula shuga, ndinagona komwe amachita lendi. Ndinamufunsa mmene anandiuzira amayi a ku Ngabu. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anayamba kufotokoza.

Akuti sabata yoyamba yomweyo kasitomala wina anamugwira kumbuyo iye atawerama akuthira oyilo, onse pa benchi anaseka, iye anakalirira kuseri kwa shedi. Wina ankamudikirira pa njira madzulo aliwonse. Ndipo zomwe ananena achimwene a kabaza zija ndi zoona, mkazi wa bwanayo anabwera kudzamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkumuuza mwamuna wake kuti ameneyu asathe mwezi. Akuti dzina lachimunalo anamupatsa ndi bwanayo dala, anauza anyamata onse kuti uyu ndi mfana wanga, womugwira asadzabwerenso ndi njinga yake pano. Kumeta anakameta mwa kufuna kwake mawa lake. Sanandiuze nthawi yonseyi poopa kuti ndimubweza kumudzi.

Koma asisi a weldingi nanunso simunaname. Ndinamufunsa kuti nanga atakupeza ntchito pamalo pabwino popanda zimenezi ungasungenso tsitsi? Anaseka nkunena kuti anti tsitsi lokha ayi, mutu ukupepuka, ndalama ya saluni ndikugulira chakudya. Nde kaya. Mawu aakulu aja ndinaona kuti tili awiri m'nyumba anaiwala, amayankhula ngati kale. Lamulungu tinapita kutchalitchi anamanga chitenje pamwamba pa jinzi, kepu anasiya, abambo a ku Chiromo mumve zimenezo. Agogo ake sindinawauze zonse, ndangoti ndi malamulo a kuntchito, akung'ung'udzabe.

Chomwe chandidetsa nkhawa tsopano ndi china. Watha chaka chathunthu akugwira ntchito, ndamuona ndi maso anga akutsitsa injini yekha, koma salandira malipiro, amangopatsidwa ya sopo ndi ya nsima, pomwe mnyamata amene anayamba pambuyo pake akumagawiridwa ya ntchito. Pepala lililonse losonyeza kuti amadziwa ntchito alibe. Pamenepa tingatani?

Mayi_wa_Mbuzi_Ngabu:

Eeh ndimadziwa ine kuti pali nkhani. Bwanayo anachita bwino kumutchinjiriza koma asadyerepo mwayi, kumuteteza si malipiro. Inuyo azakhali musapite kukakangana naye, mutume bambo a kutchalitchi amene anamupezera malo aja akakhale naye pansi ngati amuna okhaokha, amufunse kuti kuphunzira kutha liti ndipo kugawana kuyamba liti, atchule mwezi. Za pepala akafunse ku TEVETA, ali ndi njira yoyesera anthu amene anaphunzira ntchito pamanja nkuwapatsa satifiketi, amadamu a Fomu 3 mwina angatithandize kuti ofesi yapafupi akaipeza kuti.

Pakadali pano muyambe kumugulira zida zake, sipanala imodzi imodzi, ma 10 ndi ma 12 ndi amene amasowa kwambiri, azisunga kunyumba osati ku garaja. Makasitomala amene amafuna kuti njinga yawo aigwire iyeyo azisunga manambala awo. Pa Bangula pomwepo njinga zamoto zachuluka, ndipo mthunzi wa mtengo sachita lendi yambiri.

Wakabaza_Dyeratu:

Akadzatsegula mutiuze pano. Yanga ikumadontha oyilo pa injini, amakaniko awiri andidyera kale ndalama.